Kodi ndingaonere gawo lachiwiri lokha?

Thoko: Anthu abwino ndithandizeni maganizo. Sewero lija Chiko wakhala akutisokosa nalo mwezi onse uno lili magawo awiri eti, loyamba Loweruka 2 koloko masana lachiwiri Lamulungu nthawi yomweyo. Nde ine Loweruka ndili ku chinkhoswe cha msuweni wanga ku Mitundu ndipo andiika mu komiti ya zophika, kuthawa kulibe. Ndigule tikiti ya Lamulungu yokha kapena ndingozisiya?

Mavuto wa ku 25: Gula basi. Ku mathero ndi komwe kumakhala nkhani, koyamba amangodziwitsana maina kkkk

Chiko: Mavuto ukunama ndipo ukudziwa kuti ukunama

Nambewe: Matikiti ali bwanji kaye tisanayambe kukangana

Chiko: 10 pin gawo limodzi, onse awiri 15 pin. Ana asukulu theka bola abwere ndi chiphaso

Nambewe: Nde mwachita dala kuti wogula limodzi amve kuwawa

Chiko: Eee asisi, holo talipira masiku awiri, jenereta masiku awiri, mafuta ake mukuwadziwa mmene akuvutira. Tikufuna anthu abwere konse

Thoko: Chiko yankha funso langa osati za jenereta. Ndikabwera Lamulungu lokha ndimva kanthu?

Chiko: Kumva umva. Sindikunamiza, nkhani uitsata chifukwa anthu ake amakangana mokweza ndipo aliyense amanena chimene akufuna. Koma pali kumva ndi kumva. Gawo loyamba ndi kumudzi, bambo ndi mayi ndi ana atatu, bambo uja fodya wake sanayende bwino ku okushoni nde akunyamuka kupita ku Joni. Lachiwiri ndi patapita zaka zambiri, ana aja akula, maliro achitika, akulimbirana puloti mtauni muno. Nde iwe ukafika Lamulungu upeza anthu atatu akuluakulu akutukwanana za malo, udzangoti awa ndi adyera basi, pomwe amene anawaona ali ana akugawana chimanga chootcha chimodzi adzakhala akumva zina

Mavuto wa ku 25: Watiuza kale sewero lonse, 15 pin yapulumuka

Chiko: Zimenezo zili pa positala ase, sindinaulule kanthu

Mavuto wa ku 25: Koma zoona zake ine sindikuona vuto. Mpira timalowa hafu yachiwiri kangati? Ukachedwa pa mzere ku Bingu kuja umalowa anthu atagoletsana kale, umangofunsa woyandikana naye kuti zili bwanji, akuti 1-0 Silver ikutsogola, basi wakhala pansi ukusangalala ngati wina aliyense

Nambewe: Mpira zonse za hafu yoyamba zimakwana mu manambala awiri Mavuto. Kafunse munthu mu holo kuti zili bwanji uone ngati akuyankhe 1-0

Yamikani: Akuyankha kuti shhh

Thoko: 😂😂

Aphunzitsi Mbewe: Ndawerenga zonse ana anga. Ndiloleni ndiikepo mawu, mundipirire ndimalemba pang'onopang'ono.

Thoko: Takulandirani aphunzitsi, tikudikira

Aphunzitsi Mbewe: Funso loyamba si lakuti theka ndi lokwanira kapena ayi. Funso ndi lakuti theka lake liti. Munthu woonera gawo loyamba lokha amapita kunyumba ndi njala, koma zimene waona wazimvetsa zonse, palibe chimene chamudutsa. Woonera lachiwiri lokha amapita kunyumba atakhuta, akuganiza kuti wamvetsa, osadziwa kuti zina zamudutsa pamaso pake iye akuyang'ana. Thokozani, iwe uli pa mbali yovutayo. Ukanati Lamulungu ndi pamene uli ku chinkhoswe ndikanati pita Loweruka usaganizenso kawiri.

Aphunzitsi Mbewe: Chachiwiri, wolemba sewero wabwino amadzala koyamba kuti akolole kumapeto. Ndinkakuuzani zimenezi tikukonzekera mpikisano wa masewero a sukulu wa ATEM, kuti chinthu chikaoneka pa siteji chisaoneke pachabe. Amene mudali mu kalabu mukukumbuka mmene ndinkakanira kuti munthu alowe ndi ambulera ngati mvula siitchulidwanso.

Yamikani: Ambulera ija inali yanga aphunzitsi, mpaka lero zimandiwawa

Nambewe: Ine ndikhoza kuikira umboni zimene akunena aphunzitsizi chifukwa ndinakakhala nawo pa rihesalo sabata yatha nditapita kukasiya zitenje zimene anandibwereka. Sindiulula zambiri. Mu gawo loyamba mayi uja pamene mwamuna wake akunyamuka amamanga kandalama pa nsonga ya chitenje, mfundo ija amamanga amayi athu, amakoka ndi mano kuti ilimbe, kwinaku akulankhula zina za nkhuku ndi mbuzi, anthu mukuseka simukulabadira nkomwe. Nde mu gawo lachiwiri pali pena mwana wamkazi akusanthula katundu wa malemu, akutulutsa chitenje chomwecho chitasuluka, mfundo ikadali pompo. Salankhula kanthu. Amangoyesa kumasula ndi zala zikukanika kenako amaika mano. Ine ndinalira anthuni, pa rihesalo, opanda magetsi a siteji opanda chilichonse, wina akudya mandasi pambali panga. Tsono Thoko ukabwera Lamulungu lokha udzaona mtsikana akuluma chitenje basi

Chiko: ASISI NAMBEWE

Nambewe: Sindinanene zimene zili mu mfundomo

Chiko: Mwatipha ndithu. Dairekita akaona izi andichotsa

Thoko: Koma nde mwandithandizatu, pano ndikudziwa za chitenje kkkk. Pitirizani kuulula ndifike Lamulungu nditakonzeka

Mavuto wa ku 25: Mwaona? Nkhani yatha. Munthu akhoza kungouzidwa

Nambewe: Kuuzidwa kwake ndakuuza chimodzi, zilipo zingati zimene ineyo sindinazione

Mai a Tadala: Ine ndili mbali ya Mavuto koma pa chifukwa china. Tisamachite ngati ku Lilongwe kuno masewero amachitika wikendi iliyonse. Ku Blantyre mwina, kuno timatha miyezi osamva kuti kuli sewero la pa siteji, ku holo ya masewero ya Madsoc kukachitika kanthu timamva zitatha kale. Nde munthu wapeza mpata wa tsiku limodzi mukumuuza akhale kunyumba chifukwa sanapeze masiku awiri? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sewero si filimu yoti udzaipeza pa fulashi kwa anyamata a mu msika, likatha latha, ochita sewero amabalalika wina wapeza ntchito ku Mzuzu wina wakwatiwa. Thoko pita ukaone chimene ungathe kuona

Thoko: Apa nde mwanena anti

Mai a Tadala: Komanso tinakula ndi masewero a pa wailesi ife. Zimachitika ija unkaiphonya sabata imodzi mabatire atatha, sabata yotsatira umatsegula nkupitiriza. Tikuferanji chimodzimodzi, magetsi akazima wadumpha, palibe anasiya kuonera chifukwa cha zimenezo

Aphunzitsi Mbewe: Mayi a Tadala mwanena zoona, koma masewero a pa wailesi ndi pa kanema amalembedwa akudziwa kale kuti omvera amalowa ndi kutuluka. Nchifukwa chake mumamva munthu akubwereza kuti paja iwe unanditenga ndalama mwezi watha, kuti amene sanamve sabata yatha agwirepo. Wolemba wa pa siteji sachita zimenezo kwambiri poti amaona ngati wakutsekerani m'chipinda chimodzi ndipo zonse mwaona. Chikondi, kodi lanu lili ndi chikumbutso chilichonse poyamba gawo lachiwiri?

Chiko: Tinakangana nazo aphunzitsi. Ena timafuna munthu atuluke kutsogolo afotokoze mwachidule zadzulo, dairekita anakana akuti zikhala ngati zilengezo za ku tchalitchi. Chimene chilipo ndi nyimbo yotsegulira, amayi oimba pa maliro paja mawu ake amakhudzako za kale koma mophiphiritsa

Yamikani: Dairekita wanuyo akuwadziwa anthu a ku Lilongwe koma? 2 koloko yake anthu adzafika 3. Olo amene agula matikiti onse awiri adzaona theka la loyamba ndi theka la lachiwiri, kuphatikiza ndi chimodzimodzi Thoko

Chiko: Tikutseka chitseko 2:15

Yamikani: Mudzasewera ndi mipando

Chiko: Tidzasewera nayo

Limbani UK: Ndadzuka ndapeza mameseji 60, ndimayesa kwagwa zovuta. Nkhani imeneyi kuno inavutanso. Sewero lija la Harry Potter litayamba ku London mu 2016 linali magawo awiri, onse pamodzi maola opitirira asanu, umatha kuonera loyamba masana lachiwiri madzulo tsiku lomwelo kapena masiku awiri otsatizana. Ku New York mu 2021 analifupikitsa nkukhala limodzi la maola atatu ndi theka. Nde funso langa kwa Chiko ndi lakuti lanulo likufunikadi masiku awiri kapena wolemba anangokanika kudula?

Nambewe: Eish Limbani wabwera ndi nkhwangwa

Chiko: Funso labwino koma likundipweteka. Gawo lililonse ndi pafupifupi maola awiri. Tikanaphatikiza anayi, ndani angakhale maola anayi pa mpando wa pulasitiki mwezi wa Okutobala mu holo ya malata? Kudula tinayesa, ndipo kunena zoona muli sini ziwiri mu gawo loyamba zimene ine ndekha ndikanachotsa, ya ku bawo ija ndi yaitali kwambiri. Koma chimene wolemba akufuna ndi choti anthu mukagone nayo nkhaniyo. Mupite kunyumba bambo uja atangokwera basi, mugone, mudzuke, mubwere mupeze zaka zadutsa. Usiku umenewo ndi mbali ya sewero

Mavuto wa ku 25: Usiku umenewo ndi thiransipoti kawiri man. 25 kukafika mtauni, kubwerera mdima utagwa minibasi zakwera mtengo kapena zasowa kumene, ukwere njinga yamoto mpaka kunyumba. Mawa lakenso chimodzimodzi. Tikiti mwati 15 koma ine ndikawerengera zonse ikudutsa pamenepo kutalitali. Wa ku Area 47 ndi galimoto yake sangamve zimenezi

Mai a Tadala: Wa galimotoyo ali pa mzere wa mafuta mwana wanga, tonse tikulira

Limbani UK: Bwanji osachita onse awiri tsiku limodzi, loyamba 10 mmawa lachiwiri 3 masana, anthu nkukadya pakatipo

Chiko: Loweruka mmawa theka la gulu lathu lili ku ntchito, wina ndi wa Sabata. Lamulungu mmawa kulibe munthu angabwere, onse ali ku tchalitchi. Ife si akatswiri olipidwa Limbani, mayi wa mu seweroli ndi namwino, akuchita kusinthana shifiti ndi mnzake

Aphunzitsi Mbewe: Vuto limeneli ndi lakale. Du Chisiza pamene ankayambitsa Wakhumbata mu 1987 ankafuna kuti munthu azidya kuchokera pa siteji, ikhale ntchito yeniyeni. Anthu ankadzaza French Cultural Centre ku Blantyre, ndipo masewero ake sanali afupi ayi, koma palibe ankatuluka pakati. Nthawi imeneyo sewero linkayamba lapita ku Censorship Board, choncho olemba ankabisa nkhani yeniyeni mkati mwa nkhani ina. Ukatuluka mphindi zisanu kukagula Fanta ubwera upeza anthu akuyang'anana mwakachetechete, iwe osadziwa chimene chanenedwa, ndipo palibe amene akanakubwerezera mokweza. Tinaphunzira kukhala pansi mpaka mapeto chifukwa cha zimenezo. Iye anatisiya mu 1999, Gertrude Kamkwatira amene anapitiriza anatisiyanso mu 2006.

Mai a Tadala: Koma aphunzitsi a Kwathu tinkawaonera mosiyana. Izeki ndi Jakobo olo ufike mochedwa bwanji umangoyamba kuseka usanakhale nkomwe pansi

Aphunzitsi Mbewe: Eya, chifukwa awo aja munkawadziwa kale musanalowe. Mumadziwa kuti uyu ndi wotani, uyo ndi wotani, akangoyang'anana basi zatheka. Anthu a mu sewero la Chikondi simukuwadziwa, malo okha owadziwira ndi Loweruka.

Thoko: Nde aphunzitsi mukuti ndisapite?

Aphunzitsi Mbewe: Sindinatero mwana wanga. Ndikuti upite ukudziwa chimene ukugula. Ndipo ukatuluka usadzalembe pano kuti seweroli linali losamveka.

Yamikani: Thoko bwanji ungothawa ku chinkhosweko. Mpunga ukapsa 12 koloko iwe nyamuka, Mitundu si patali, ukwera za ku Bunda zija ufika 2 isanakwane

Thoko: Iwe sunakhalepo mu komiti ya zophika eti. 12 koloko ndi pamene akuchimuna amakhala asanafike nkomwe. Ndiye pali kugawa chakudya, pali kubisa mbale za ankhoswe kuti anyamata asamalize nyama, kenako mwambo weniweni, kubweretsa atsikana ofundidwa zitenje aja kuti mkamwini asankhe wake ndipo ine ndine mmodzi mwa ofundidwawo, kupatsana tambala ndi thadzi, pelekanipelekani mpaka dzuwa kulowa, pomaliza miphika ikudikira ife tomwe. Azakhali anga akangoona kuti palibe ndiye nkhani idzafika mpaka pa ukwati wanga

Nambewe: Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khala ku chinkhoswe mtima uli mmalo

Mavuto wa ku 25: Chiko ungomujambulira pa foni Loweruka umutumizire usiku

Chiko: Ayi. Choyamba ine ndili pa siteji ndijambula ndi chani. Chachiwiri mafoni tikuletsa, vidiyo ikangotuluka Loweruka usiku Lamulungu kubwera ndani? Komanso munaonapo sewero lojambulidwa pa foni kuchokera kumbuyo kwa holo? Mitu ya anthu, mwana akulira, mawu ngati akulankhulira mu ndowa, ife tikuoneka ngati nyerere. Bola asaone kusiyana nkuona zimenezo

Limbani UK: Nde ine amene ndimati ndipemphe vidiyo ndingokhala chete

Chiko: Pali wina adzajambula bwinobwino ndi makamera awiri koma imeneyo idzatuluka tikamaliza kuzungulira, ngati ndalama yozungulirira ipezeke

Thoko: Kuzungulira kuti? Mudzabwerezanso ku Lilongwe konkuno?

Chiko: Maganizo alipo a Zomba ndi Blantyre koma zonse zikudalira geti ya wikendi ino. Sindingakulonjeze. Ndikakuuza kuti dikira tidzabwereza kenako osabwereza udzandida

Mai a Tadala: Mwamva? Ndi zimene ndimanena zija

Chiko: Koma pali njira ina. Lachisanu madzulo tili ndi rihesalo yomaliza, zovala zonse magetsi onse, gawo loyamba lathunthu osaimitsa. Ndikhoza kupempha kuti ulowe ukhale kumbuyo chete

Nambewe: Apo nde basi!

Thoko: Lachisanu 10 koloko mmawa ndikhala ndili kale pa msika wa Mitundu kugula tomato ndi anyezi, usiku wake tikusosola nkhuku 😭 tikugona konko

Yamikani: Msuweni wakoyu akudziwa zimene ukutaya chifukwa cha iye?

Thoko: Ndidzamuuza pa tsiku la chinkhoswe changa akadzafuna kuthawa

Mavuto wa ku 25: Ine funso langa lina. Inu ochita sewero zimakukhudzani chani kuti wina sanaone dzulo? Ndalama walipira, mpando wakhala

Chiko: Zimamveka man, sungakhulupirire. Pali mawu ena amene mchimwene wamkulu amanena mu gawo lachiwiri, omwewo amene bambo ake ananena ponyamuka. Kwa amene anaona dzulo ndi mawu owawa, holo imayenera kuti zii. Kwa amene sanaone ndi nthabwala chabe chifukwa pawokha ndi oseketsa. Nde tangoganiza theka la holo lili chete theka likuseka, amene ali pa siteji sadziwa kuti adikire kuseka kuthe kapena apitirize. Ndi chimene ndikuopa ine, osati Thoko mmodzi koma a Thoko 50

Thoko: Nde undiuze mawuwo kuti ndisaseke

Chiko: Ayi kkkk. Ukangoona asisi Nambewe agwira pakamwa iwe khala chete

Aphunzitsi Mbewe: Chikondi, kauze dairekita wanu kuti anthu otere adzakhalapo ambiri, afune asafune. Loweruka ndi tsiku la maukwati ndi zinkhoswe mu mzinda uno. Ngati sakufuna munthu wolengeza, alembe kapepala kakang'ono, mizere isanu, maina a anthu ndi ubale wawo basi, kaziperekedwa pa geti Lamulungu. Sikaononga kanthu.

Chiko: Ndikanena aphunzitsi. Ndikanena kuti achokera kwa inu mwina amva, ife satimvera

Nambewe: Thoko ine ndikupita masiku onse awiri. Lamulungu tikatuluka Misa yachiwiri ndikudutsira ku Kawale, tidye limodzi ndikufotokozere gawo loyamba lonse bwinobwino ndi manja omwe, kenako tipitire limodzi

Aphunzitsi Mbewe: Umuuze amene ali ndani ndi zimene zinachitika. Usamuuze kuti woipa ndi uyu wabwino ndi uyu, zimenezo akaweruze yekha.

Nambewe: Ndiyesetsa aphunzitsi ngakhale mlamu uja ndimadana naye kale

Chiko: Mlamuyo ndine asisi

Nambewe: Ndikudziwa

Thoko: Chabwino ndagula maganizo a anti ndi asisi Nambewe, ndibwera Lamulungu. Chiko 10 pin yako ndikutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba?

Chiko: Airtel, nambala yomwe ija, uikeko yochotsera. Undisungireko nyama ya ku chinkhoswe

Mavuto wa ku 25: Nanga wopita Loweruka lokha alipo? Ndikufuna tigawane tikiti ya 15 pin, iye Loweruka ine Lamulungu, aliyense 7,500

Chiko: Tikiti ya masiku awiri tikumanga kachingwe pa mkono

Mavuto wa ku 25: Kachingweko kamavuka?